Adapempha zowonjezera, atapatsidwa nkuyambanso kudandaula

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mwambi umenewu ndidayamba kuumva ndili mwana, koma sindidaganizepo kuti tsiku lina ndidzaugwiritsa ntchito pokamba za filimu ya azungu yonena za mphete yamatsenga, mafumu, ndi tianthu tatifupi ta mapazi aubweya. Komatu ndi mmene zilili. Lero, abale anga, ndale tiziike kaye pambali, tikambe za mkangano umene udabuka mu 2002 pakati pa anthu okonda filimu ya The Lord of the Rings, ndipo mpaka pano ukafuna kuputa moto pakati pawo, ingofunsa kuti yabwino ndi iti, yaifupi kapena yaitali.

Kwa amene simukuidziwa nkhaniyi, ndiyambe ndakupatsani mutu wake. Buku la The Lord of the Rings adalemba ndi a J.R.R. Tolkien, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Oxford ku Mangalande, amene adabadwira ku Bloemfontein ku South Africa mu 1892 ndipo adamwalira mu 1973. Bukuli lidatuluka m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955, ndipo masamba ake amapitirira 1,000. Limanena za Frodo, kamunthu ka mtundu wa ma Hobbit, amene wasenzetsedwa ntchito yokataya mphete yoopsa m'phiri lamoto ku dziko la Mordor kuti mphamvu za Sauron, mfumu ya mdima, zitheretu. Pomwe iye ali pa ulendowo, anzake akumenya nkhondo, ndipo mmodzi wa iwo, Aragorn, ndiye mwini mpando wa ufumu wa Gondor umene wakhala wopanda mfumu kwa zaka mazanamazana.

Amene adalimba mtima nkusandutsa buku limeneli kukhala kanema ndi a Peter Jackson a ku New Zealand. Iwo adajambula mafilimu onse atatu nthawi imodzi kwawo komweko, kuyambira Okutobala 1999 mpaka Disembala 2000. Yoyamba, The Fellowship of the Ring, idatuluka mu Disembala 2001 ndipo ndi ya mphindi 178. Yachiwiri, The Two Towers, idabwera mu 2002 ndi mphindi 179, ndipo yomaliza, The Return of the King, idatuluka mu 2003 ndi mphindi 201. Yomalizayi idakokolola mphoto 11 za Oscar mu Febuluwale 2004, osaphonya ngakhale imodzi mwa zomwe idapikisana nawo.

Tsono munthu ungaganize kuti maola 9 ndi mphindi 18 zakwana. Ayi ndithu. Amene adawerenga bukulo ankatuluka m'nyumba ya kanema akuwerengera pa zala zomwe zasiyidwa. A Jackson nawo adali ndi zigawo zambiri zomwe adajambula koma nkuzidula, poti filimu ikatalikitsa, eni nyumba za kanema amaionetsa kangapo kochepa pa tsiku, komanso munthu wokhala pa mpando maola anayi amayamba kuganiza za kuseri kuposa za Frodo. Kunyumba kulibe vuto limenelo: umaimitsa, nkukaphika nsima, nkubwerera. Choncho kampani ya New Line Cinema idayamba kutulutsa mafilimu omwewo pa zimbale za DVD atawatalikitsa. Yoyamba idatuluka mu Novembala 2002 itawonjezedwa mphindi 30, yachiwiri mu Novembala 2003 itawonjezedwa mphindi 44, yachitatu mu Disembala 2004 itawonjezedwa mphindi 50. Zonse pamodzi ndi maola 11 ndi mphindi 22. Siidali ntchito yongomata zotsala ayi: a Howard Shore adapeka nyimbo zatsopano za zigawo zimenezi, ndipo zithunzi za pa kompyuta zidamalizidwa bwinobwino ngati zina zonse. Kumapeto adalembanso mayina a mamembala a kalabu ya okonda filimuyi, mndandanda womwe pa filimu yoyamba umatenga mphindi pafupifupi 20. Apa a Jackson ankauza anthu awo kuti iyi ndi yanu.

Chigawo chimene anthu adachilirira koposa ndi cha imfa ya Saruman, nkhalamba yamatsenga imene idagulitsa anzake nkugwirizana ndi Sauron. Amene adasewera ngati Saruman ndi a Christopher Lee, mkulu amene ankawerenga bukuli chaka ndi chaka ndipo adakumanapo ndi a Tolkien maso ndi maso m'nyumba ina yomwera mowa ku Oxford. Kutatsala milungu yochepa kuti filimu yachitatu ituluke mu 2003, kudamveka kuti chigawo chawo, cha mphindi pafupifupi 7, chadulidwa chonse. A Jackson adati chigawocho chimamaliza nkhani ya filimu yachiwiri ndipo chikuchedwetsa kuyamba kwa yachitatu. A Lee, omwe panthawiyo adali ndi zaka 81, adakhumudwa kwambiri ndipo adanena poyera kuti ku mwambo woyamba kuonetsa filimuyo sapitako. Owakonda adalemba chikalata chodandaula nkumasainirana, koma sizidathandize. Amene adaonera filimu yaifupiyo adangouzidwa kuti Saruman watsekeredwa mu nsanja yake ndipo mphamvu zake zatha, basi. Munthu amene wakuvutitsani mafilimu awiri athunthu angosowa ngati mbuzi yosokera, osaona mathero ake!

Patatha chaka chigawocho chidabwezeretsedwa, ndipo anthu adaona Saruman ali pamwamba pa nsanja ya Orthanc akunyoza adani ake, mpaka wantchito wake Gríma, yemwe wangomenyedwa khofi pamaso pa anthu, adamubaya kumsana ndi mpeni, iye nkugwa kuchokera pamwambapo. Ambiri adati tsopano mtima wakhala pansi. Koma taonani izi: m'buku Saruman samwalira choncho. Amaloledwa kutuluka mu nsanjamo, nkukalanda dziko la ma Hobbit lotchedwa Shire, ndipo Frodo ndi anzake akamabwerera kwawo amapeza mitengo yadulidwa, anthu akulamulidwa ndi zigawenga. Ndi komweko kumene Gríma amamupha. Mutu wonse umenewo mulibe mu filimu yaifupi, mulibenso mu yaitali. Komabe ochuluka adalandira imfa yatsopanoyo, chifukwa ngakhale malo adasintha, munthuyo ndi yemweyo: wonyada, wonyoza omutumikira, wophedwa ndi amene ankamupondereza.

Nkhani ya Faramir ndiyo imandiphunzitsa zambiri. Faramir ndi mng'ono wake wa Boromir, ana a Denethor amene akugwirizira mpando wa ufumu wa Gondor. Boromir adagwa m'mayesero nkufuna kulanda mphete kwa Frodo. M'buku, Faramir akakumana ndi Frodo nkudziwa zomwe wanyamula, amakana kuigwira nkomwe mpheteyo, amamupatsa kamba nkumulola apite. Owerenga ambiri amamukonda pa chifukwa chimenechi. Ndiye mu 2002 atapita kukaonera The Two Towers, adapeza Faramir wina: wouma nkhope, wogwira Frodo ngati mkaidi nkumukokera ku mzinda wa Osgiliath kuti akapereke mpheteyo kwa bambo ake. Anthu adapsa mtima. Olemba filimuyo, a Jackson pamodzi ndi mayi Fran Walsh ndi mayi Philippa Boyens, adafotokoza kuti atha filimu yonse akuuza anthu kuti mpheteyo imagonjetsa aliyense, ndiye pakabwera munthu woikana mosavuta, mphamvu zake zioneka ngati nthabwala. Yankho limeneli silidakhutiritse ambiri.

Kenaka mu Novembala 2003 filimu yaitali idatuluka ndi chigawo china chobwerera m'mbuyo. Boromir wangolanditsa Osgiliath kwa adani, ndipo iye ndi mng'ono wake akumwa mosangalala. Mwadzidzidzi bambo awo atulukira. Denethor akukumbatira mwana wamkulu, koma wamng'onoyo akumunyoza pamaso pa asilikali kuti ndiye adataya mzindawo. Faramir akudzipereka kuti apite ndiye ku msonkhano wokambirana za mphete, bambo ake nkumukaniza monyoza, natuma Boromir ku ulendo umene adakafera. Mphindi zochepa chabe, koma zidatembenuza mitima ya anthu ambiri. Yense amene adakulira m'nyumba momwe kholo lili ndi mwana wapamtima adamvetsa chifukwa chomwe Faramir adafunira kupita ndi mpheteyo kwa bambo ake, ndipo adaonanso kulemera kwa zomwe adachita pomasula Frodo pamapeto pake. Chodabwitsa nchakuti chigawo chimenechi m'buku mulibe. Adachipeka okha a Jackson ndi anzawo, potengera zomwe a Tolkien adalemba zakuti Denethor ankakonda Boromir kuposa Faramir. Anthu omwewo amene ankafuula kuti musasinthe buku adaombera m'manja chinthu chomwe mwini buku sadalembe.

Palinso zigawo zina zofatsa zomwe zidalandiridwa ndi manja awiri. Mu filimu yoyamba, mfumukazi Galadriel ya mtundu wa ma Elf ikugawa mphatso kwa apaulendo, ndipo Gimli, wa mtundu wa ma Dwarf omwe sankamwerana madzi ndi ma Elf, akupempha katsitsi kamodzi ka m'mutu mwake, nkupatsidwa titatu. Popanda zimenezi sungamvetse bwino mmene udani wa mitundu iwiriyi udasungunukira mpaka Gimli kukhala bwenzi la ponda apa nane mpondepo la Legolas. Mu filimu yachitatu yaifupi, pa tsiku lolonga ufumu Aragorn, timangoona Faramir ndi Éowyn, mwana wamkazi wa ku banja lachifumu la Rohan, ataima limodzi akumwetulira, ife nkumadzifunsa kuti awa adadziwana liti. Yaitali ndiyo imationetsa kuti adakumana m'nyumba ya odwala, onse atavulala ku nkhondo, onse ali ndi mabala a mumtima.

Mpaka apa mvula ikugwa bwino. Tsopano tifike pa matope.

Pafupi ndi mapeto a filimu yachitatu, Aragorn ndi gulu lake afika pa chipata cha Mordor. Mu filimu yaitali, chipata chikutseguka ndipo pakutuluka mthenga wa Sauron, wa mano owola oopsa kuwaona. Iye akuwaonetsa malaya achitsulo a Frodo nkuwauza kuti mnzawoyo wazunzika kwambiri m'manja mwa mbuye wake. Chigawo chimenechi m'buku chilimo, ndipo ndi choopsa chifukwa wowerenga akafika pamenepo amakhala atasiya Frodo ali m'manja mwa adani, osadziwa ngati ali moyo. Anthu adachidikira ndi mtima wonse. Koma mu filimu, Aragorn akuyandikira pa kavalo mwakachetechete, nkusolola lupanga, nkumudula mutu mthengayo, Gimli nkuponyapo nthabwala. Ena adaseka nkuwomba m'manja. Owerenga buku ambiri adagwira pakamwa. M'buku Aragorn samukhudza mthengayo nkomwe. Amangomuyang'ana m'maso mpaka iye kuchita mantha, Gandalf nkulanda katundu wa Frodo nkukana zofuna za Sauron, mthengayo nkuthawa wamoyo.

Ineyo pano ndili mbali ya odandaula, ndipo sindibisa. Ngakhale kwathu kuno, munthu wotumidwa ndi mfumu samenyedwa. Uthenga ukakhala wowawa, mkwiyo umapita kwa amene wamutuma. Nkhani yonse ya Aragorn ndi yakuti iye ndi woyenera ufumu chifukwa amadziletsa pomwe ena amalephera. Nanga munthu amene mawa lake akuvekedwa chisoti chachifumu aphe bwanji wobwera kudzakambirana, wosasolola chida? Akatero wasiyana pati ndi amene akumenyana nayeyo? Mphindi imodzi imeneyo idagula chisangalalo cha owonera ndi khalidwe la mfumu, ndipo mtengo wake udakwera kwambiri.

Chimodzimodzinso chigawo chomwe Gandalf, nkhalamba yanzeru yotsogolera nkhondo, akukumana ndi mkulu wa asilikali a Sauron wotchedwa Witch-king mu mzinda wa Minas Tirith. M'buku awiriwa amayang'anizana pa chipata, Gandalf osasuntha, kenaka tambala amalira, malipenga a ankhondo a ku Rohan nkumveka, mdaniyo nkutembenuka. Mu filimu yaitali, mdaniyo akuphwanya ndodo ya Gandalf nkumugwetsa pa kavalo, iye nkugona pansi ngati nkhuku yonyowa. Ambiri adati apa mwatichepetsera munthu wathu. Ena sadakondwere ndi mpikisano wa mowa womwe Gimli akugeya mpaka kukomoka, ati msilikali wolemekezeka mwamusandutsa chitsiru cha pa bwalo. Ena adanyinyirika ndi chigawo cha mu filimu yachiwiri chomwe Éowyn waphika ndiwo zosadyeka, Aragorn nkumafuna kuzitaya mobisa, ngakhale kuti mpomwe timamva kuti mwamunayo ali ndi zaka 87. Palinso zigaza za anthu akufa zikwizikwi zogumuka ngati mchenga m'phanga, zomwe ena adati ndi a Jackson akukumbukira masiku awo opanga mafilimu oopseza anthu.

Mukaziika pamodzi zonsezi muona kuti mkangano suli pa mphindi. Suli ngakhale pa funso lakuti izi zili m'buku kapena mulibe. Chigawo cha Osgiliath m'buku mulibe, anthu adachikonda. Mthenga wa Sauron m'buku alimo, anthu adakwiya. Chomwe anthu amayang'ana ndi chakuti munthu amene amamudziwa uja akadali yemweyo kapena ayi. Kumbukirani tili ana, madzulo pa moto, agogo akutiuza nthano ya Kalulu imene tidaimva kale kakhumi. Akawonjezera kanyimbo, kapena kufotokoza mmene Fisi ankanjenjemerera ndi njala, tinkasangalala nkupempha kuti abwereze. Koma tsiku lomwe akadanena kuti Kalulu adapusitsidwa ndi Fisi, tonse tikadakuwa kuti ayi agogo, si choncho! Nthano idali yawo, inde, koma Kalulu adali wathu tonse.

Nanga eni ake amati chiyani? A Jackson adanenapo kuti kwa iwo mafilimu enieni ndi aafupi aja oonetsedwa m'nyumba za kanema, ndipo aataliwo adawapangira okonda nkhaniyi amene amafuna kuona zonse. Komatu ambiri mwa okondawo amalumbira kuti yaifupi sadzaioneranso, ndipo ena amapatula tsiku lathunthu, m'mawa mpaka usiku, kuonera onse atatu motsatizana. Apa wophika akuti nsima ndi iyi, odya akuti ayi, ife tikufuna ndi mkute womwe. Kumbali ina kudali a Christopher Tolkien, mwana wa mlembi uja, amene adatha moyo wawo wonse akusamala ndi kusindikiza zolemba za bambo awo mpaka pomwe adamwalira mu 2020. Mu 2012 iwo adauza nyuzipepala ya Le Monde ya ku France kuti opanga mafilimuwa adalichotsa matumbo bukulo nkulisandutsa kanema wa zomenyana wa achinyamata a zaka 15 mpaka 25. Kwa iwo, kuwonjezera mphindi sikukadakonza kanthu.

Ndipo paja adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Ataona kuti anthu akufuna zambiri, opanga mafilimu adatenga buku lina la a Tolkien, The Hobbit, la mu 1937, lomwe ndi la ana ndipo masamba ake ndi pafupifupi 300 okha, nkulikoka mpaka kutulukamo mafilimu atatu mu 2012, 2013 ndi 2014. Adalowetsamo anthu omwe m'buku mulibe, monga msilikali wamkazi Tauriel ndi chikondi chake, nkhondo nkuzitalikitsa mpaka kutopetsa. Pamwamba pa apo adatulutsanso aatali, owonjezedwa mphindi 13, 25 ndi 20. Yomaliza yaitaliyo idachuluka ziwawa moti ku Amereka idaikidwa m'gulu la mafilimu omwe ana saloledwa kuonera okha, chonsecho idachokera m'buku la ana. Chokhacho chomwe ambiri adayamika ndi maliro a mfumu Thorin, ndipo adafunsa kuti zidatheka bwanji kupeza malo a nkhondo ya mphindi zambirimbiri koma kusowa malo oikira maliro a mwini nkhani. Mukudziwa zomwe okonda a Tolkien ena adachita? Adatenga lumo. Mu 2015 mmodzi wa iwo adadula mafilimu atatuwo pa kompyuta yake nkutsala ndi imodzi ya maola 4 ndi mphindi zochepa, naitcha The Tolkien Edit, ndipo ena adatsatira ndi zawo. Anthu omwe aja ankasainira kuti bwezerani zomwe mwadula tsopano ndiwo ankadula okha.

Kodi tinene kuti anthu amenewa ndi osayamika, ovuta kuwakondweretsa? Ena atero, ndipo nzoona kuti pali ena omwe ngakhale utawajambulira tsamba lililonse adzafunsabe kuti nanga Tom Bombadil ali kuti, kamdala koimba kaja komwe sikadaoneke mu filimu iliyonse mwa zimenezi. Palinso akandimverere amene buku sadalitsegulepo koma ndiwo oyamba kufuula kuti lasinthidwa. Koma ochuluka, mukawamvetsera bwino, akhala akunena chinthu chimodzi kuyambira 2002: tiwonjezereni zotithandiza kumudziwa munthu, musatiwonjezere zomusintha. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo liyenera kufika kwa aliyense amene amatenga nkhani ya mwini, kaya ndi buku, nthano kapena mbiri ya munthu, nkukaiika pa wailesi, pa bwalo la zisudzo kapena pa kanema. Ufulu wowonjezera uli nawo, poti buku ndi kanema siziyenda mofanana. Koma dziwa kuti amene adaikonda nkhaniyo iwe usadaigwire ali maso.

A Christopher Lee adagwirizananso ndi a Jackson, nkubwerera ngati Saruman m'mafilimu a The Hobbit, ndipo adamwalira mu 2015 ali ndi zaka 93, chigawo chawo chija chili m'malo mwake. Ine mukandifunsa kuti muonere iti, ndikuuzani kuti ngati nkoyamba, yambani ndi yaifupi, chifukwa imayenda mwachangu ndipo siikutayitsani njira. Mukaikonda, pezani tsiku lopanda ntchito muonere yaitali, mudziwane bwino ndi Faramir ndi bambo ake ovutawo. Koma mukafika pa chipata cha Mordor, Aragorn akamayandikira mthenga uja, dzifunseni nokha ngati imeneyo ndi mfumu imene mungafune kuti ikulamuleni.